A Gimbang Apukuta Malowolo

Kwathu ku Tambunan munthu aliyense ali ndi matenda ake, koma matenda a a Gimbang adali kupukuta. Adagwira ntchito pa hotela ina mumzinda wa Kota Kinabalu kuyambira ali mnyamata watsitsi lake mpaka dazi litafika kunkhongo, ndipo ntchitoyo idali imodzi yokha, kuwalitsa zamkuwa: zogwirira zitseko, belu la pakauntala, manambala a zipinda. Atapuma pantchito adabwerera kumudzi ndi thumba la nsanza ndi chitini cha polishi, ndipo mudzi sudaonenso mtendere. Adapukuta belu la kutchalitchi mpaka bambo mfumu ankatsinzina akamadutsa pansi pake. Adapukuta loko wa pageti la sukulu, kenako nyanga za njati yoweta ya eni ake, njatiyo isadapemphe. Mukawapatsa moni wa padzanja mutavala mphete, ankayamba aiuzira mpweya n'kuikhula pamalaya awo, kenako ndiye n'kukufunsani za kunyumba.

Akazi awo, a Dumina, adali mayi wamfupi wosachulutsa mawu, wogulitsa ndiwo zowawasa m'mabotolo tsiku la msika. Adazolowera mwamuna wawoyo monga momwe munthu amazolowerera denga lodontha, podziwa pamene payenera kukhala beseni. Chiwaya chawo chakuda, chomwe chinkakometsa mpunga wokazinga, ankachibisa kuseri kwa nkhokwe, chifukwa a Gimbang adachipezapo kamodzi n'kuchisandutsa kalilole, banja lonse n'kudya zopanda kukoma mpaka chitadanso.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chidapulumuka nsanza za a Gimbang, ndipo ndi chomwecho chimene chinkawadya mtima. Masiku amene ankakwatira, anthu ankalowola ndi njati, ng'oma zamkuwa ndi timizinga tankhondo ta makolo. Kwawo kwa a Gimbang kudalibe njati, kudalibenso ng'oma. Ankhoswe atakhala pansi, akuchikazi adayala timitengo ta machesi patebulo, kalikonse kuimira chinthu chomwe ankafuna, ndipo amalume a a Gimbang adachotsa kamodzikamodzi, uku akulira umphawi, mpaka padatsala kamodzi. Kamtengo kameneko kadali kamzinga kamkuwa kotalika ngati mwendo wa munthu, kokhala ndi mutu wa ng'ona kukamwa kwake. Palibe amene ankadziwa kuti kadawomba liti komaliza, kapena ngati kadawombapo n'komwe.

Apongozi atamwalira, mzingawo udatsala m'manja mwa a Sipain, mchimwene wa a Dumina, munthu wapakamwa ngati lumo. Iwo adauponya pansi pa nyumba yawo, pakati pa mizati, nkhuku n'kuusandutsa pogona. Ndiye chaka chilichonse pa phwando lokolola, mtsuko wa mowa wa mpunga ukafika pakati, nyimbo idali yomweyo.

“Alamu, paipi yanu ija ikukupatsani moni,” ankatero a Sipain. “Anthuni, mlongo wanga uyu ankamubwerera anyamata a njati zonenepa, koma anapita ndi paipi ya madzi. Paipi yosatulutsa ndi dontho lomwe!”

Anthu ankaseka chikhakhali, a Gimbang nawo n'kumaonetsa mano. Koma zinkawawawa, tisanamizane. Ankawakonda a Dumina, ndipo nkhani yoti adawatenga motchipa inkawabaya chaka ndi chaka, ngakhale atakhala ndi zidzukulu.

Tsiku lina kudabwera mayi Liew, mtsikana wa kutauni woyenda m'midzi kusaka zinthu zakale zokagulitsa pa okushoni, malonda aja opikisana mitengo. Atamva za mzingawo adakwawira pansi pa nyumba ya a Sipain ndi buluku lake loyera, n'kuthamangitsa nkhuku, n'kukhala komweko nthawi yaitali akujambula ndi foni. Adatuluka nthenga zili m'tsitsi, maso akuwala. Adati mzingawo ndi wakale ndithu, ndipo ku Kota Kinabalu kukhala okushoni ya mfuti zamakedzana komwe kudzabwere anthu olemera osonkhanitsa zoterezi. A Sipain adavomera msanga, ndipo madzulo ake adalengeza pabwalo kuti abwereka minibasi, aliyense wofuna apite akamve ndi makutu ake mtengo weniweni wa mlongo wawo.

A Gimbang chakudya chidasiya kulowa. Adapita kukausuzumira mzingawo ndipo adabwerako atakhumudwa. Udali wobiriwira mbali zonse, dzimbiri lochindikala ngati khungwa, pamutu pa ng'ona pataunjikana zitosi.

“Dumina wanga akaonekere pagulu ali chonchi?” adadzifunsa. “Pamaso pa anthu ovala masuti?”

Adauza a Sipain kuti popeza tauni amaidziwa ndi iwo, autenge mzingawo akaupereke okha kwa mayi uja. A Sipain, amene sakonda kulipira mayendedwe a katundu, adavomera ndi manja awiri.

“Koma mtsikana uja anati usatsukidwe, alamu. Anati ngakhale madzi asaukhudze.”

“Ndamva,” adayankha a Gimbang, mumtima akuseka. Mwana wadzulodzuloyu angawaphunzitse iwo za mkuwa? Adaona kuti ndi machenjera a anthu a kutauni, ofuna kuti katundu aoneke wonyansa kuti amugule motchipa.

Ntchito idayambika kuseri kwa nyumba, dzuwa likuswa mtengo. Adayamba ndi mandimu ndi phulusa. Dzimbiri litakana, adabweretsa bwemba. Bwemba atalephera, adatapa mchenga kumtsinje n'kukwecha ndi khoko la kokonati mpaka zala zidatupa. M'mano mwa ng'ona munsanza simunkalowa, ndiye adapeza njira ina.

“Bambo a Jenita, mswachi wanga mwauonako?” adafunsa a Dumina ali pazenera.

“Uli pantchito yofunika, mayi. Mudzandithokoza.”

A Dumina adayang'ana mwamuna wawo, n'kuyang'ana mzinga, n'kutseka zenera. Pomaliza, polishi atapakidwa katatu, mzingawo unkawala moti tambala wa pakhomo adadziona m'menemo n'kuyamba ndewu ndi mnzakeyo. A Gimbang adaukulunga m'bulangete latsopano, mtima uli m'malo koyamba m'masabata ambiri.

Adakafika nawo kutauni kutatsala tsiku limodzi kuti okushoni ichitike. Muholo momwemo, pamaso pa mayi Liew, adavundukula bulangete pang'onopang'ono monga amachitira bwanamkubwa potsegulira chipilala. Mayi Liew adagwira pakamwa, kenako adagwira tebulo.

“Agogo, mwatani?”

“Ndangopukutako pang'ono, mwanangu. Usavutike n'kuthokoza.”

“Mwapukutako pang'ono! Kubiriwira kuja kuli kuti?”

“Kunakakamira, komatu ine ndi amene ndinapambana.”

Mtsikanayo adakhala pansi. “Agogo, anthu akubwera mawawa sagula mkuwa. Mkuwa uli mbwee m'masitolo. Iwo amagula ukalamba, ndipo umboni wa ukalambawo ndi dzimbiri lija. Linatenga mibadwo kuti lifike pamene linafika paja.”

“Ukutanthauza kuti amagula litsiro?”

“Eya, agogo.”

“Ndi zitosi zomwe?”

“Zitosi zikanakhala bwino kuposa izi. Panopa ukuoneka ngati mizinga ija amaumba mwezi watha yogulitsa alendo kumsika. Ndiuikabe pa okushoni poti ndinaulengeza kale, koma musayembekezere kanthu.”

A Gimbang adatuluka ali zyoli. Adakagona kwa mwana wawo Jenita osauza munthu, akungopemphera kuti minibasi ya kumudzi ifere panjira. Koma minibasi zathu zimafa pokhapokha ukamathamangira kuchipatala. Iyi idafika nthawi yabwino, itadzaza mpaka pachitseko, anthu atanyamula mpunga wokulunga m'masamba ngati akupita kuukwati. Pakhomo pa holo adauzidwa kuti ofuna kugula alembetse dzina apatsidwe kathabwa ka nambala, ndipo a Gimbang adalembetsa, chifukwa adamva kuti a tithabwa okha ndiwo amalandira tiyi ndi keke. Mayi Liew adadutsa kumipando ya kumbuyo kuchenjeza anthu a kumudziwo kuti asakweze dzanja, asakande m'mutu, asapirikitse ntchentche. Mudzi wonse udakhala chiwumire, manja atawakhalira.

Malonda adayamba. Idabwera mfuti ya gogodera yodyedwa ndi anankafumbwe, chowombera chake chothyoka, ndipo tithabwa tidadzuka mbali zonse mpaka idagulidwa pamtengo wa galimoto. Idabwera ina yaifupi, yakuda bii ndi dzimbiri, anthu awiri n'kuilimbirana ngati ndi munda wa m'dimba. Anthu athu sawerenga bwino maringiti, ndalama za kwathu, akachuluka, ndiye ankanong'onezana mitengoyo m'njati.

“Imeneyo singaphe ndi khoswe yemwe,” adatero a Sipain mokweza. “Anthuwa ndalama zikuwayabwa. Alamu, paipi yanu mwina ipeza wopusa wake.”

A Gimbang ankadzikupiza ndi kathabwa kawo, thukuta likutsika padazi, ndipo adaona okha kuti chinthu chikada kwambiri ndi pamene mtengo unkakwera kwambiri.

Kenako anyamata awiri adalowa atanyamula mzinga uja. Magetsi a muholo atauwomba, anthu a kutsogolo adaphimba maso, wina n'kuseka osabisa. Woitanira malonda, bambo wa tayi yofiira ndi kanyundo m'manja, adatchula mtengo woyambira. Kudali zii. Adautsitsa, kudali zii. Adautsitsanso mpaka udafika pa mtengo wa kamwana ka nkhumba, ndipo pamenepo bambo wina wonenepa adakweza kathabwa mwaulesi. Adali pafupi, moti a Gimbang adamumva akuuza mkazi wake kuti akauimika pakhomo pa lesitilanti yawo kuti makasitomala aziikamo maambulera.

A Sipain adagunda a Gimbang m'nthiti ndi chigongono. “Alamu, mwamva? Kamwana ka nkhumba. Ngakhale make sanafikepo.”

A Gimbang adacheukira a Dumina. Mayiyo adali phee, manja pamiyendo, maso kutsogolo, atavala bulauzi yawo yakuda ya paphwando. Mwamunayo asadaganize kanthu, kathabwa kadali m'mwamba.

“Agogo a kumbuyo uko!” adafuula wa tayi yofiira.

Wa lesitilanti adawonjezera, a Gimbang n'kuwonjezera. Adawonjezeranso, a Gimbang n'kuimirira. Atafika pa mtengo wa nkhumba yaikulu, wa lesitilanti adati maambulera angathe kutsamira khoma, n'kusiya. Nkhani ikadathera pomwepo, koma kutsogolo kudali bambo wina wa ndevu zoyera, wodziwika kuti nyumba yake njodzaza mfuti zakale. Iyeyu adacheuka n'kuona nkhalamba ya kumudzi ikunjenjemera milomo, kathabwa katagwiridwa ndi manja awiri, ndipo adaganiza kuti munthu salimbirana chonchi popanda chomwe akudziwa. Adakweza kake. Mnzake wa pambali, poona kuti wandevu walowamo, adalowamonso.

Mtengo udachoka ku nkhumba n'kulowa ku njati. Anthu a kumbuyo adaiwala chenjezo lija n'kuyamba kuwerenga mokweza. “Njati imodzi! Ziwiri! Yachitatu ndi mwana wake!” A Sipain pakamwa padali yasa. Mayi Liew ankakupiza manja chakutali kuti agogo akhale pansi, koma wa tayi yofiira adamufunsa ngati nayenso akugula, ndipo adabisa manjawo kumbuyo.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akadatsitsa dzanja. Mtengo udali utakwera kuposa malowolo a mkazi aliyense m'chigwa chathu, mudzi wonse udamva, ndipo wolipira akadakhala wandevu uja. Koma chakomachakoma pusi adagwa chagada. A Gimbang adayang'ana ndevu zoyerazo n'kuona munthu wachilendo akunyamula Dumina wawo kupita naye kunyumba kwake kukamukhoma pakhoma.

“Ameneyu ayi!” adakuwa, kathabwa kali m'mwamba. Wandevu adapukusa mutu, kanyundo n'kugwa.

Kumbuyo kudabuka nthungululu. A Gimbang adatembenukira mlamu wawo, chifuwa chili patsogolo.

“Alamu, paipi ija mwaimva mtengo wake?”

A Sipain adaweramitsa mutu. “Ndaumva, alamu. Sindidzanenanso.”

Mawu amenewo a Gimbang adawadikira moyo wawo wonse wa m'banja, ndipo adawakomera kwabasi. Kuofesi yolipirira ndalama zawo zonse za penshoni zidatsala komweko, zambiri zopita kwa a Sipain monga mwini katundu, zina za eni okushoni, koma iwo adasaina akumwetulira. Adanyamulitsa mzinga mpaka pa minibasi, dalaivala n'kufunsa kuti akautsitsire kwa yani.

“Kwanga,” adatero a Gimbang. “Wagula ndine.”

M'minibasimo nkhope ya a Sipain idayamba kuwala pang'onopang'ono.

“Anthuni, mwamva nonse? Malowolo akubwerera kunyumba kwa mwamuna.”

Ndi mwana yemwe kwathu amadziwa kuti malowolo akabwerera kuchimuna, ukwati watha. Kaya mwambowo umakhudzanso mzinga wogulidwa ndi kathabwa muholo ya kutauni, palibe amene adadziwa, chifukwa makolo sadaganizepo kuti kudzabadwa munthu wotere. Mkangano udabuka. Akatekisiti, amene adabwera nawo kudzaona tauni, adati ukwati wa kutchalitchi suthetsedwa ndi mkuwa, koma palibe adawamvera. Onse adayang'ana a Dumina, podikira kuti akalipire mchimwene wawo monga ankachitira akapitirira muyeso. A Dumina adanyamula dengu lawo, n'kuchoka pampando wa pambali pa mwamuna wawo.

“Achimwene, tasunthani ndikhale,” adatero.

Minibasi itafika kumudzi, mzinga udatsikira kwa a Gimbang, a Dumina n'kutsikira kwa a Sipain.

Masiku otsatirawo adali owawa. A Gimbang ankakhala pabalaza moyang'anizana ndi mzinga wawo, nkhope yawo ikuoneka m'menemo yotalika ngati ya mbuzi. Mpunga ankaphika wosapsa kapena wopserera. Nsanza sadazikhudzenso, ndipo anthu ovala mphete ankadutsa pakhomo pawo mosaopa. Poyamba ankati ndi nthabwala, mayiyo abwera mawa. Mawa lidafika kangapo. Adatuma nkhoswe, nkhosweyo n'kubwerako atakhuta mowa, ndi uthenga woti mbeta ya kumeneko ikuti siyikuwadziwa a Gimbang. Apa mantha adawagwira enieni, poona kuti pofuna kuonetsa dziko mtengo wa mkazi wawo, mkaziyo amutaya.

M'mawa wina adavala jekete yawo ya kuhotela ya mabatani amkuwa, n'kukweza mzinga pa wilibala, n'kuyamba kukankha kudutsa pakati pa mudzi. Wilibalayo inkalira, ndipo pofika kwa a Sipain anthu adali atatsatira ngati maliro. A Sipain adali pakhonde pampando wawofuwofu watsopano, wogulidwa ndi penshoni ya munthu amene ankabwerayo.

“Takulandirani, bambo. Ndinu a kuti, ndipo mukufuna yani?”

“Alamu, musandizunze. Ndabweretsanso malowolo. Mtengo wake munaumva nokha, ndiye ndikupempha kuti inu monga mwini mbumba…”

“Musalankhule ndi achimwene.”

Adali a Dumina, ataima pamwamba pa masitepe. Adatsika pang'onopang'ono mpaka adafika pamaso pa mwamunayo, ndipo sadauyang'ane n'komwe mzingawo.

“Bambo a Jenita, mwandilipira kawiri. Koyamba analankhula ndi amalume anu. Kachiwiri kanalankhula ndi kathabwa. Lero mukufuna alankhule achimwene ndi wilibala. Ine ndili ndi makutu awiri abwinobwino, ndakuberekerani ana, ndakalambira m'nyumba mwanu, koma simunandifunsepo ine mwini wake ngati ndikukufunani.”

A Gimbang adatsegula pakamwa kuti atsutse. Adafufuza m'mutu, chaka ndi chaka kubwerera m'mbuyo mpaka ali mnyamata, ndipo sadapeze tsiku lotero. Manyazi adawagwira kuposa a muholo muja. Anthu kumpanda adasiya kuseka, ngakhale a Sipain adapeza chochita ndi zikhadabo zawo.

Nkhalambayo idavula chipewa. Idachipinda, n'kuchiwongola, n'kuchipindanso.

“Mayi a Jenita…”

“Ameneyo ndi mkazi wa munthu. Ine ndine mbeta.”

“Dumina,” adatero. Dzinalo adali asadalitchule pamaso pa mwini wake kuyambira mwana woyamba atabadwa. “Dumina, ine ndine munthu wopusa, ndalama ndilibe, tsitsi ndilibe. Koma m'nyumba muja simukukhalika. Si nkhani ya mpunga ayi, ngakhale nawonso ukuvuta. Ndikukufuna iweyo. Kodi ungandilole?”

A Dumina adawayang'ana nthawi yaitali. Milomo yawo inkagwedera, ndipo palibe amene akadanena ngati kudali kuseka kapena kulira.

“Mtsikana wolongosoka savomera tsiku lomwelo,” adatero. “Mubwerenso mawa. Ndipo mubwere chimanjamanja.”

Mawa lake a Gimbang adapitadi, opanda wilibala, opanda nkhoswe, njira yonse akusowa poika manja awo. Adapeza a Dumina atakhala kale pamasitepe, atapesa tsitsi n'kutsomekamo duwa, dengu lawo lomangamanga lili pambali.